Mphoto ya khalidwe kwa dokotala wa mapazi: imayeza chiyani, ndipo amaiyeza bwanji?

Mwezi wa Meyi ukafika, masukulu a zaudokotala ku America amatulutsa ophunzira awo ndipo zithunzi za magawuni zimadzaza Facebook. Pakati pa zithunzizo pamapezeka china chomwe chimadabwitsa anthu akwathu kawiri. Koyamba, wojambulidwayo akuti ndi dokotala wa mapazi. Kachiwiri, satifiketi yomwe wanyamula si ya kukhoza mayeso koma ya khalidwe. Mafunso amabwera motsatizana. Kodi mapazi okha n'kukhala ndi dokotala wakewake? Nanga mphoto ya khalidwe ku yunivesite, zikusiyana pati ndi ku pulayimale kuja komwe ahedi ankapereka kope kwa mwana wosalongolola m'kalasi?

Mafunso onsewa ndi omveka, ndipo yankho la lachiwiri limadalira loyamba.

Dokotala wa mapazi ndi ndani?

Ntchitoyi pa Chingerezi amaitcha podiatry, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kuchiritsa phazi. Ku Britain achikulire amadziwa dzina lake lakale lakuti chiropody. Ife tingoti udokotala wa mapazi.

Phazi timalipeputsa chifukwa lili kutali ndi maso. Komatu phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33. Mukaphatikiza mapazi awiri mupeza mafupa 52 mwa mafupa 206 a munthu wamkulu, kutanthauza kuti fupa limodzi mwa anayi aliwonse lili mu nsapato zanu. Dokotala wa mapazi amaona zikhadabo zolowa m'mnofu, ming'alu ya m'zidendene, zala zopindika, kubinya kwa akakolo, mapazi a ana opindikira mkati, ndipo koposa zonse zilonda za anthu odwala shuga.

Maphunziro ake amasiyana malinga ndi dziko. Ku America munthu amayamba watenga digiri yoyamba, kenako n'kulowa sukulu ya mapazi kwa zaka 4 komwe amatuluka ndi digiri yotchedwa DPM. Akatero amagwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa kwa zaka zina 3, ndipo ambiri amachita maopaleshoni. Sukulu yakale kwambiri ya mtunduwu ili ku New York, inatsegulidwa mu 1911. Chaka chotsatira William Scholl, yemwe dzina lake timaliona pa zinthu zosamalira mapazi m'mafamase, anayambitsa ina ku Chicago. Ku Britain ndi digiri ya zaka 3 kapena 4, ndipo dzina lakuti podiatrist ndi lotetezedwa ndi lamulo: kulitenga usanalembetse ku bungwe la Health and Care Professions Council (HCPC) ndi mlandu. Ku South Africa amaphunzira ku University of Johannesburg kwa zaka 4.

Mawu awiri omwe amasokoneza

Pa mphotozi pamalembedwa mawu awiri, professionalism ndi ethics. Anthu amawasakaniza, koma si amodzi.

Ethics ndi mfundo zothandiza kusankha choyenera pamene zinthu ziwiri zabwino zikukokana. Mu 1979 akatswiri awiri a ku America, Tom Beauchamp ndi James Childress, anazisanja m'magulu anayi omwe akuphunzitsidwabe mpaka lero: kulemekeza chisankho cha wodwala, kumuchitira zomupindulira, kupewa kumuvulaza, ndi kuchita chilungamo pogawa chithandizo. Pongowerenga zimaoneka zophweka. Vuto limabwera pamene bambo wina chala chake chawola, dokotala akudziwa kuti kuchidula ndiko kupulumutsa mwendo, koma mwini wake akukana kwamtuwagalu. Mfundo yoyamba ikuti mumvereni, yachiwiri ikuti mupulumutseni. Malamulo a m'mayiko amenewa amati munthu wamkulu wamaganizo abwinobwino ali ndi ufulu wokana, choncho ntchito ya dokotala ndi kumufotokozera mosabisa zomwe zingachitike, kumupatsa nthawi, n'kupitiriza kumusamalira ngakhale wakana.

Professionalism ndiye khalidwe la tsiku ndi tsiku pa ntchito. Kufika pa nthawi. Kulemba zoona m'fayelo. Kusunga chinsinsi. Kuvomera ukalakwitsa. Kudziwa pomwe nzeru zako zathera n'kuitana wina. Tikayerekeza ndi dalaivala wa minibasi, malamulo a pamsewu ali ngati ethics, pomwe professionalism ndi mmene amayendetsera pa mtunda womwe akudziwa kuti palibe apolisi apamsewu.

Ena akwathu amangoti zonsezi ndi umunthu. N'zoona mbali yaikulu, koma umunthu wokha sukwanira kufotokoza. Munthu akhoza kukhala wachifundo, wolonjera bwino, koma n'kumaiwala kulemba mankhwala omwe wapereka. Kuchipatala ameneyo amawerengedwa kuti khalidwe lake la pantchito ndi loperewera, ngakhale kumudzi angamutame.

Mphoto zake ndi ziti?

Kale masukulu ankalemekeza makamaka malikisi. Ophunzira mapazi okhoza kwambiri ku America amalowetsedwa m'gulu laulemu lotchedwa Pi Delta, ndipo muyeso wake waukulu ndi mayeso.

Zinthu zinayamba kusintha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Arnold Gold, dokotala wa ubongo ndi mitsempha ya ana ku Columbia University, ankadandaula kuti madokotala achinyamata akudziwa makina kuposa anthu. Mu 1988 iye ndi mkazi wake Sandra anayambitsa bungwe lolimbikitsa chifundo pa udokotala, ndipo mu 1993 anachititsa ku Columbia mwambo woveka ophunzira atsopano jasi loyera. Pa mwambowo wophunzira amalumbira pamaso pa makolo ake asanagwire wodwala ndi mmodzi yemwe. Mwambowu unafalikira, ndipo lero masukulu a mapazi nawonso amauchita. Mu 2002 bungwe lomwelo linayambitsa gulu laulemu la Gold Humanism Honor Society, lomwe chachilendo chake n'chakuti mayina amayamba kutchulidwa ndi ophunzira anzawo, osati aphunzitsi.

Madokotala a mapazi ali ndi mphoto yawoyawo. Bungwe la American Board of Foot and Ankle Surgery, lomwe limayesa ndi kupereka ziphaso kwa ochita maopaleshoni a phazi ndi akakolo, limapereka Michael L. Stone Outstanding Professional Conduct Award kwa ophunzira omwe akumaliza maphunziro m'masukulu a mapazi. Taonani amene akupereka. Ndi bungwe la mayeso ovuta a luso la mpeni, koma mphoto yomwe lasankha kupereka kwa achinyamata ndi ya khalidwe.

Khalidwe amaliyeza bwanji?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mafupa a phazi ukhoza kufunsa pa pepala, wophunzira n'kuwatchula onse 26. Kukhulupirika sungakufunse pa pepala, chifukwa ngakhale wabodza amadziwa yankho loyenera.

Choncho masukulu amasonkhanitsa umboni kuchokera kumbali zambiri. Wophunzira akamazungulira m'mawodi ndi m'makiliniki, dokotala womuyang'anira amalemba lipoti pakutha pa gawo lililonse. Masukulu ena amafunsanso anamwino, alembi a pakhomo ndi odwala, pozindikira kuti pali anthu ofatsa kwa bwana koma aukali kwa wokolopa. Palinso mayeso otchedwa OSCE, omwe Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, Scotland, anawafotokoza mu 1975. Wophunzira amalowa m'tizipinda motsatizana, ndipo m'kachipinda kalikonse amapeza ntchito ya mphindi zochepa. Nthawi zambiri wodwalayo amakhala wochita sewero yemwe waphunzitsidwa kudandaula, kukwiya kapena kulira, ndipo woyesa amaona ngati wophunzira wadzitchula dzina, wasamba m'manja, wapempha chilolezo asanagwire phazi, ndiponso ngati wafotokoza m'mawu omveka.

Koma umboni wolemera kwambiri umachokera pa tinthu ting'onoting'ono. Tiyerekeze kuti tili pa kiliniki yophunzitsirapo ku Johannesburg. Walowa bambo wa kwathu, telala, wazaka za m'ma 60, yemwe wakhala ndi shuga zaka zambiri. Wabwera chifukwa cha kachilonda ka pansi pa chala chachikulu cha kumanja. Wophunzira wa chaka chomaliza akumupempha kuti avule nsapato zonse ziwiri.

"Lavuta ndi lakumanjali, adokotala. Linalo lili bwinobwino."

"Ndamva, bambo. Komabe ndiloleni ndione onse awiri."

Bamboyo akuzengereza, chifukwa sokosi ya kumanzere ndi yobooka ndipo wayenda mtunda kuchokera pa siteji. Wophunzirayo sakukwinya mphuno, sakuyang'ana mnzake. Akutenga kaulusi kolimba ka nayiloni komwe kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10, akumuuza bamboyo kuti atsinzine, n'kumakagunditsa pansi pa phazi malo osiyanasiyana. "Mukamva, nenani kuti eya." Kumanja, zii. Kumanzere, komwe amati kuli bwino kuja, ziinso. Mitsempha inafa dzanzi kalekale. Pakati pa zala za kumanzere pali kabala kena komwe mwini wake sanakamve n'komwe.

Tsopano tiyerekeze wophunzira wina, tsiku lotanganidwa, anthu ali pamzere mpaka panja. Waona phazi lakumanja lokha. Pa fomu pali malo olemba za mapazi onse awiri. Akhoza kulemba kuti lakumanzere lili bwino, ndipo palibe angadziwe lero. Akhozanso kulemba kuti sanalione, kapena kuthamangira bamboyo asanatuluke pa geti, kenako n'kukauza womuyang'anira kuti anadumpha. Aphunzitsi akamakhala pansi kusankha wolandira mphoto, nkhani zomwe amakumbutsana ndi zoterezi.

Chifukwa chake mapazi amafuna khalidwe lotere

Ntchito iliyonse ya chipatala imafuna kukhulupirika, koma ya mapazi ili ndi mayesero akeake.

Loyamba ndi lomwe taona kale: odwala ambiri samva kupweteka. Munthu wa dzino akapwetekedwa amakuwa, ndipo dokotala amadziwa pompo. Munthu wa shuga yemwe mitsempha yake yafa dzanzi akhoza kuchekedwa mopitirira pometa khungu louma la pachilonda, iye n'kumathokoza. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya New England Journal of Medicine anayerekeza kuti pakati pa anthu 19 ndi 34 mwa 100 aliwonse odwala shuga adzakhalapo ndi chilonda cha kuphazi pa moyo wawo. Miyendo yambiri yomwe imadulidwa chifukwa cha shuga imayamba ndi chilonda chotere. Bungwe la International Diabetes Federation linati mu 2021 akuluakulu odwala shuga padziko lonse analipo 537 miliyoni. Wodwala yemwe sangathe kudandaula amadalira chikumbumtima cha womugwira.

Lachiwiri ndi manyazi. Phazi limanunkha, zikhadabo zimakhuthala n'kuda, ndipo okalamba ambiri sangathenso kuwerama kuti adzisamalire. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Wodwala akaona nkhope yonyansidwa kamodzi sabweranso, ndipo akamadzabwera chilonda chimakhala chafika pa fupa.

Lachitatu ndi zida. Timipeni, zodulira zikhadabo ndi zopalira zimakhudza magazi a anthu ambiri pa tsiku. Zimayenera kuphikidwa m'makina a nthunzi yotentha kwambiri, mwachitsanzo madigiri 134 kwa mphindi zosachepera 3. Wodwala sangadziwe ndi maso ngati chida chaphikidwa kapena changopukutidwa.

Lachinayi ndi ndalama, ndipo ku America ili ndiye lalikulu. Dokotala wa mapazi kawirikawiri amagulitsa yekha zinthu zomwe akulangiza, monga zoyala mu nsapato zopangidwa motengera phazi la munthu. Ali ngati makaniko yemwe amagulitsanso masipeyala: akakuuzani kuti chitsulo chatha, mumafuna kudziwa ngati akunena ndi makaniko kapena wasitolo. Opaleshoni ya chala chachikulu chopindika imalipira bwino kuposa kulangiza munthu kuti asinthe nsapato. Inshuwalansi ya boma ya Medicare, yomwe imathandiza makamaka anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, salipira kuwenga zikhadabo wamba pokhapokha wodwala ali ndi matenda monga shuga omwe amapangitsa ntchitoyo kukhala yoopsa. Mpata wolemba matenda omwe palibe kuti bilu ilipidwe ulipo, ndipo madokotala ena a mapazi anazengedwapo milandu pa zimenezi. Lamulo la mu 2010 linalamulanso makampani a mankhwala ndi zida kuti aziulula ndalama ndi mphatso zomwe amapatsa madokotala, a mapazi omwe, ndipo aliyense akhoza kuziona pa intaneti.

Kodi khalidwe la kusukulu limalosera za m'tsogolo?

Funsoli linafufuzidwapo. Mu 2005 Maxine Papadakis wa ku University of California, San Francisco, ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku yemwe amatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Anatenga madokotala 235 ochokera m'masukulu atatu omwe analangidwa ndi mabungwe opereka ziphaso pakati pa 1990 ndi 2003, n'kuwayerekeza ndi anzawo 469 omwe sanalangidwepo. Kenako anabwerera m'mafayelo awo akusukulu.

Anapeza kuti mbiri ya khalidwe loipa kusukulu inkachulukitsa katatu mpata wodzalangidwa pa ntchito. Makhalidwe awiri ndiwo anaonekera kwambiri: kusadalirika, monga kujomba ndi kusamaliza ntchito za odwala, komanso kukana kudzudzulidwa. Kwa omwe kusadalirika kwawo kunali kwakukulu, mpatawo unali wochuluka kupitirira kasanu ndi katatu. Malikisi otsika nawo anali ndi gawo, koma laling'ono poyerekeza ndi khalidwe. M'mera mpoyamba, anatero akale, ndipo apa manambala anagwirizana nawo.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala powerenga zimenezi. Kafukufukuyu anali wa madokotala wamba, osati a mapazi, ngakhale kuti aphunzitsi a mapazi amatengerapo phunziro. Chinanso, kafukufukuyu anaonetsa kuti khalidwe loipa limachenjeza. Sanaonetse kuti wolandira mphoto adzakhala dokotala woposa anzake. Ophunzira ambiri omwe anali ndi kadontho m'fayelo sanalangidwepo moyo wawo wonse.

Pomwe anthu amasiyana maganizo

Ogwirizana ndi mphotozi amati sukulu imaphunzitsa ndi zomwe imaombera m'manja. Ngati pa tsiku lomaliza oitanidwa kutsogolo ndi a malikisi okha, ophunzira a chaka choyamba omwe akhala kumbuyo amamva uthengawo bwinobwino. Akatswiri a maphunziro amanena za maphunziro obisika, zomwe wophunzira amatola poona akuluakulu m'wodi, zomwe nthawi zina zimafufuta zonse zomwe anamva m'kalasi. Mphoto, kwa iwo, ndi njira yonenera poyera kuti yemwe anatsala kuthandiza agogo kumanga nsapato nayenso waonedwa.

Otsutsa ali ndi mfundo zingapo, ndipo si zopepuka. Amati khalidwe likakhala ndi mphoto limasanduka sewero, wophunzira n'kumafatsa pomwe pali womuona. Amati osankha ndi anthu, ndipo anthu amakonda owafanana. Wophunzira wochezeka amakumbukika kuposa wachete yemwe amagwira ntchito yofanana. Amatinso mawu akuti professionalism akhala akugwiritsidwa ntchito poweruza tsitsi, kavalidwe ndi kalankhulidwe m'malo mwa chisamaliro cha wodwala. Mu 2019 boma la California linachita kukhazikitsa lamulo loletsa kusala anthu kuntchito ndi kusukulu chifukwa cha tsitsi lachilengedwe ndi malukidwe ake. Mu 2020 magazini ya Journal of Vascular Surgery inachotsa nkhani yomwe inaika zithunzi za madokotala achinyamata atavala zosambira kapena atanyamula mowa m'gulu la zokayikitsa pa khalidwe, madokotala ambiri, makamaka amayi, atakwiya nayo.

Wakwathu yemwe akuphunzira kunja amaidziwa mbali imeneyi. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, ndipo sumutsutsa pagulu. Ku Britain kapena ku America kuyang'ana pansi ena amakuona ngati kubisa kanthu, ndipo kukhala chete pomwe dokotala wamkulu walakwitsa kumalembedwa ngati kulephera, chifukwa wophunzira amayembekezeka kulankhula wodwala akakhala pangozi. Ulemu womwewo womwe kwathu ungakupatse mbiri yabwino, kumeneko ukhoza kukuchotsera malikisi.

Pali nkhawa inanso yochokera kwa ophunzira eni ake: kuti kutamanda wodzipereka mopitirira kumaphunzitsa anthu kubisa kutopa ndi matenda awo. Bungwe la World Medical Association litakonzanso mu 2017 lumbiro la madokotala la Declaration of Geneva, lomwe linalembedwa koyamba mu 1948, linaonjezamo lonjezo lakuti dokotala azisamaliranso thanzi lake kuti athe kusamalira ena.

Masukulu ena ayesa kuyankha madandaulowa polemba poyera makhalidwe enieni omwe akuyang'ana, kufunsa anthu ambiri m'malo mwa mphunzitsi mmodzi, ndi kuona mbiri ya zaka zonse osati mwezi womaliza. Otsutsa amati izi zachepetsa vuto koma sizinalithetse.

Mphoto ndi chiphaso si chinthu chimodzi

Mphoto imapita kwa mmodzi kapena ochepa. Chomwe chimateteza wodwala tsiku ndi tsiku ndi muyeso wapansi womwe aliyense ayenera kufika kuti alembetsedwe ndi kukhalabe m'kaundula. Wophunzira akhoza kukhoza mayeso onse koma sukulu n'kukana kumutulutsa chifukwa cha bodza m'fayelo kapena kuulula chinsinsi cha wodwala pa WhatsApp. Chithunzi cha chilonda chotumizidwa ku gulu la anzako popanda chilolezo ndi mlandu ngakhale nkhope isakuoneka.

Ku South Africa ophunzira amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa akadali pasukulu, choncho malamulo a ntchito amayamba kuwagwira asanavale gawuni. Ku Britain bungwe la HCPC sililembetsa ophunzira, koma lili ndi malangizo a khalidwe olembera iwo, ndipo limafunsa za mbiri ya munthu akamapempha kulowa m'kaundula. Mabungwe onse awiriwa ali ndi kaundula pa intaneti, moti Mmalawi wokhala ku Johannesburg kapena ku Manchester akhoza kulemba dzina la womuona mapazi n'kudziwa ngati ndi wovomerezeka.

Kwathu kuno, phazi la wodwala shuga nthawi zambiri limafikira m'manja mwa namwino kapena kiliniko ofesala, ndipo likavuta limapita kwa madokotala a opaleshoni kapena a mafupa. Madandaulo okhudza madokotala ndi makiliniko ofesala amapita ku Medical Council of Malawi, pomwe okhudza anamwino amapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ndipo ngati muli ndi shuga, mukapita ku sikelo yanu ya mwezi musadikire kuuzidwa: vulani nsapato zonse ziwiri, ndi masokosi omwe, mupemphe kuti akuoneni mpaka pakati pa zala.